Mimba Imene Inatsitsa a Tiyenitiyeni pa Basi

Ku depoti ya mabasi kunalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira akapitawo mpaka amayi osesa, onse ankangoti a Tiyenitiyeni. Dzinali analipata chifukwa cha pakamwa pawo. Basi ikaima pa siteji, anthu asanatambasule n'komwe miyendo, iwo ankakhala atayamba kale kuliza hutala, mutu uli pawindo: "Tiyeni, tiyeni! Msewu sufupika pouyang'ana!" Wina akapempha kuti aime akataye madzi, ankamuyankha osacheuka: "Mangani, achimwene. Munamweranji ambiri?" Basi yonse inkafa nako kuseka, wopemphayo n'kungofinya miyendo.

Anali bambo wa thupi lake, mimba yokhudza chiwongolero, manja ngati zikwanje. Ankayendetsa basi ya ulendo wautali, yonyamuka m'mawa n'kukafika madzulo. Pamsewu wonsewo panali siteji imodzi yokha pamene ankazimitsa injini osadandaula za nthawi, chifukwa pamenepo panali munthu wokazinga nyama. Ankatsika, n'kutola nyama yonona, kuithira tsabola mpaka kufiira, n'kutsitsira ndi chakumwa chozizira cha thovu. Thukuta lili kamukamu, ankauza kondakitala wawo kuti, "Injini imayendera mafuta. Nanga ine ndiyendere chiyani?"

Akazi awo anali telala. Ankasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo n'komwe awiriwa anadziwanira, tsiku limene bambowa anabwera ndi thumba la yunifolomu litathothoka. Mayiwo anali wochepa mawu, woonda, tepi ili m'khosi tsiku lonse. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali atakwatiwa kale ku tauni ina.

Matendawa anayamba mwakachetechete. M'mimba munkapotokola, kenaka kutsekula. Poyamba a Tiyenitiyeni ananamizira madzi a pamsewu. Koma tsiku lina ataona magazi, anapita kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko anati ndi kamwazi, n'kuwapatsa mapiritsi. Kunaleka, kenaka kunabwerera. Ulendo wina anati ndi njoka za m'mimba. Kunalekanso, n'kubwereranso mwaukali kuposa kale.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Munthu uja wokana kuimira anzake anayamba kuimitsa basi paliponse, ngakhale pamtetete popanda ndi chitsamba chomwe. Ankatsika akuthamanga, dzanja lili pamimba. Okwera amene ankawadziwa ankatulutsa mitu pamawindo, akukuwa mosangalala: "Tiyeni, tiyeni, adalaivala! Mangani!" Iwo pobwerera ankayesa kuseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Ndiye linafika tsiku limene sanaliiwale. Anali pa mlatho wautali, magalimoto ali mdipiti kutsogolo ndi kumbuyo, poimika palibe. Analuma mano, anagwiritsa chiwongolero mpaka zala kuyera, koma thupi linawakanika. Anadziipitsira pampando pomwepo. Kondakitala wawo, bambo wachikulire amene anayenda nawo zaka zambiri, anazindikira. Anangovula jekete lake, n'kuwafunditsa pamiyendo, n'kutsekula mawindo akutsogolo. Kenaka anatembenukira okwera, nati mokweza, "Kodi ndani wanyamula nsomba zoola m'basi muno?" Anthu anayamba kulozana ndi kukangana, ndipo a Tiyenitiyeni anayendetsa mpaka kukafika, misozi ikutsikira m'ndevu.

Atafika kunyumba anangopereka thalauzalo kwa akazi awo. Mayiwo analilandira, nakalichapa kuseri, nabwera kudzakhala nawo pafupi.

"Bambo, matenda obisa maliro amadzaulula," anatero. "Mawa tipite kuchipatala chachikulu."

Pofika nthawi imeneyo thupi lija linali litathera m'zovala. Lamba anamuboola mabowo atsopano. Mathalauza awo onse anadutsanso pa makina a akazi awo, kuwachepetsa m'chiuno, kenaka kuwachepetsanso. Anthu nawo sanachedwe kuyamba manong'onong'o. Dalaivala wa ulendo wautali akamaonda, aliyense amakhala dokotala. "Ndi kaja," ankatero ku depoti, akutsinzinirana. Awiriwa anakayezetsa magazi limodzi, n'kupezeka alibe kachilombo, koma pakamwa pa anthu simungaikepo chivindikiro. Makasitomala ena anasiya kubweretsa nsalu kwa mayiwo.

Kuchipatala chachikulu anawagoneka, nawalowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kuti aone m'kati mwa matumbo. Zitatha, dokotala anawaitana onse awiri.

"Bambo, si kamwazi, si njoka, komanso simunalodzedwe," anatero dokotalayo. "Matumbo anu atupa ndipo ali ndi zilonda. Chitetezo cha m'thupi mwanu, chimene chimayenera kumenya matenda, chatembenukira matumbo anu omwe."

"Ndiye kuti alonda akuba m'nyumba imene akulondera?" anafunsa a Tiyenitiyeni.

"Mwalasa. Ndipo ndikuuzeni zoona: matendawa sachizika. Amagonekedwa. Mankhwala ndikupatsaniwa musawasiye, ngakhale mutamva ngati mwachira. Zakudya sindizo zinayambitsa matendawa, koma zina zimawadzutsa. Pitani chipinda chachiwiricho mukaonane ndi mayi wa za kadyedwe."

Mayi wa za kadyedweyo anali wansangala, koma zimene ananena zinawalowa bambowa ngati minga. Anati m'mimba mukavuta, adye zofewa: mpunga wopsa kwambiri, mbatatesi yosenda yophika, nthochi zakupsa, dzungu, dzira lowiritsa, nsomba kapena nkhuku yophika yochotsa khungu. Adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo madzi asawatalikire. Zokazinga, tsabola, mowa, khofi ndi zakumwa za thovu azitsanzike. Nyemba, kabichi, mtedza ndi mkaka aziyese chimodzichimodzi m'mimba mukakhala bata, chifukwa mimba ziwiri sizifanana: chimene chapweteka uyu, mnzake chimamuyanja.

"Nanga nyama yokazinga, ngakhale kanthuli kamodzi?" anafunsa bambowa.

"Mufunse mimba yanu, ikuyankhani," anatero mayiyo akuseka. "Koma ine ndikudziwa kale yankho lake."

Anawauzanso kuti magazi awo achepa chifukwa cha kutaya kuja, ndipo matumbo otupa sakoka bwino chakudya. Choncho anawalembera mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, ena olimbitsa mafupa poti mankhwala ozimitsa kutupa amafooketsa mafupa, ndi jakisoni wa mavitamini wokabayitsa nthawi ndi nthawi. Anawachenjeza kuti mapiritsi opha ululu asamangogula okha, ena amakanda zilondazo. A Tiyenitiyeni ankangomva ngati wailesi ya kwa aneba. Amene ankamvetsera, maso ali tong'o, anali akazi awo.

Kunyumba zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Chiwaya chinakwera pamwamba pa kabati. Botolo la tsabola analipereka kwa aneba. Mayiwo ankadzuka m'mamawa kuphika, n'kulongedza tizakudya m'timabokosi ting'onoting'ono, aka kodya dzuwa likakwera, aka ka masana, aka ka popuma. Mapiritsi ankawaika m'kasosa pambali pa kapu ya madzi, ndipo sankachoka mpaka ataona kholingo la amuna awo likugwedezeka. Mapiritsi a ayironi atayamba kuwadetsa chimbudzi ndi kuwapotokola, ndi mayiwo amene anabwerera kuchipatala kukafunsa, nabwera ndi a mtundu wina. Chakudya chatsopano ankachiyesa chokha, n'kudikira aone. Mkaka unalephera. Kabichi analephera moipa. Mtedza wosinja bwinobwino unakhoza, ndipo tsiku limenelo m'nyumbamo munali chimwemwe ngati kwabadwa mwana.

Pa tebulo mbale zinali zofanana. Chimene ankadya bambowa, n'chimene ankadya mayiwo.

"Mayi, inu simukudwala," ankatero a Tiyenitiyeni. "Dzikazingireni kena kake."

"Ndani wakuuzani kuti ndimazifuna? Zamafuta zimandipatsa chilungulira."

Pang'ono ndi pang'ono thupi linayamba kubwerera. Masaya anadzaza. Ku depoti anawapatsa basi ya m'tauni, yozungulira pafupi, kumene ankadziwa chimbudzi chilichonse cha m'njira. Anzawo akamadya tchipisi pa nthawi yopuma, iwo ankatsekula kabokosi kawo ka dzungu ndi dzira. "Chakudya cha khanda chafika," ankawaseka. Iwo ankayankha kuti, "Khanda lake landevu," koma fungo la mafuta lija linkawatsata mpaka m'basi.

Panapita zaka zingapo zabata. Kenaka kunabwera alongo awo aakulu kudzacheza, atanyamula chitini chokongola chojambulidwa masamba obiriwira. Anali mayi okonda mlongo wawo ndi mtima wonse, koma omva zilizonse.

"Achimwene, mudzamwa mapiritsi mpaka liti?" anatero atakhala pansi. "Ufa uwu ndi wachilengedwe. Umatsuka matumbo, n'kuchotsa matenda ndi mizu yomwe. Wogulitsayo akuti wachiritsa anthu ambirimbiri. Koma akuti usaphatikize ndi za kuchipatala, zimalimbana."

"Alamu, adokotala anati mankhwala asasiye," anatero mayi telala mofatsa. "Ngati ufawo ndi wabwino, tiyeni tikawaonetse kaye."

"Mulamu, inu mwamusandutsa mlongo wanga mwana wa kumkaka. Taonani zimene akudya! Mwamuna angalimbe ndi nthochi?"

Mayi telala chitini chija anachiika kuseri kwa ndowa, alongowo atapita. Koma mawu oti "ndi mizu yomwe" anali atamera kale mumtima mwa a Tiyenitiyeni. Anali atatopa. Anatopa ndi kasosa ka mapiritsi, anatopa ndi kuwerenga zimbudzi za m'tauni, anatopa kufunsa mimba chilolezo asanameze kanthu. Anatenga chitinicho n'kukachisunga ku depoti. M'mawa ankaponya mapiritsi m'kamwa akazi awo akuona, n'kuwabisa kutsaya, n'kukawalavula panjira.

Masabata oyamba anamva bwino zedi, mpaka anakhulupirira kuti achira. Tsiku lina masana anapita pa chiwaya cha pafupi ndi depoti, naitanitsa nyama yokazinga ya tsabola. Anzawo anawaombera m'manja. "A Tiyenitiyeni abwerera!" Anadya akutsinzina, mafuta akuyenderera m'zala. Mawa lake anadyanso.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matenda aja sanachoke, ankangosonkha moto pansi. Magazi anayambiranso, iwo n'kubisa. Kutentha thupi kunabwera, n'kubisanso. Mpaka m'mawa wina, akukwera masitepe a basi, anamva ngati wina wawabaya ndi mpeni pansi pa mchombo, nagwa chagada pa simenti.

Anatsitsimuka ali m'chipatala, diripi ili pamkono, pamimba pali bandeji. Dokotala anawauza kuti thumbo linabooka, ndipo anadula gawo lalikulu lowonongeka. Anawaonetsa kathumba komatidwa pambali pa mimba, m'mene chimbudzi chizigwera kuyambira tsopano. A Tiyenitiyeni anatembenukira kukhoma.

Akazi awo anali pampando pambali pa bedi. Chitini chija anali atachipeza kale m'kabati ya ku depoti pokatenga katundu wawo.

"Mayi, ndikalipireni," anatero bambowa, nkhope ili kukhoma. "Nenani chilichonse."

"Ndinene chiyani, bambo? Mwadzilanga kale nokha. Tsekulani pakamwa, phala likuzizira."

Alongo awo anabwera akulira, akudziguguda pachifuwa. Mayi telala anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, ndipo za ufa uja sanazitchule tsiku limenelo kapena lina lililonse.

A Tiyenitiyeni chiwongolero anachisiya pamenepo. Mphamvu zokhala pampando tsiku lonse zinali zitatha. Akapitawo anawamvera chisoni, nawapatsa ntchito yoyang'ana matayala ndi mabuleki basi isananyamuke. Ankayenda mozungulira basi iliyonse ndi kachitsulo, akugogoda matayala, kenaka n'kuima pageti kuonerera anzawo akutuluka. Akazi awo anawasokera malamba ansalu ofewa ogwira kathumba kaja, ndi malaya otaya pang'ono kuti kasamaoneke. Anaphunziranso kaphikidwe kena, poti tsopano ngakhale khungu la phwetekere linkatha kutseka njira.

Tsiku lina anaweruka msanga, naganiza zodzera ku khonde la sitolo kuti abwerere limodzi ndi akazi awo. Atafika, pa makina panalibe munthu. Anasuzumira kuseri kwa nsalu zopachikidwa, ndipo anawapeza atakhala pa kampando, atafulatira msewu, pamiyendo pali pepala la tchipisi zofiira ndi tsabola. Ankadya mofulumira ngati mwana wakuba shuga. Atatukula maso n'kuona amuna awo, anafumbata pepalalo, nalibisa m'nsalu.

"Ndi za mnzanga," anatero, milomo ili nyezinyezi.

"Chilungulira chija chinatha liti, mayi?"

Mayiwo anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi. "Ndimangolawa mwa apo ndi apo, bambo. Ndimatsuka m'kamwa ndisanafike kunyumba, kuti musamve fungo."

A Tiyenitiyeni anakhala pansi pa mulu wa nsalu. Zaka zonsezi ankadziona ngati ndi okhawo amene analandidwa. Anatenga pepala lija, nalitambasula, nalibwezera pamiyendo pa akazi awo.

"Idyani ndikuona," anatero. "Inu mudye, ine ndinunkhize. Tigawane ntchito."

Kuyambira pamenepo, akaweruka msanga ankadzera pa chiwaya, n'kugula tchipisi, kuthira tsabola ndi dzanja lawo lodziwa, n'kukapereka pa makina. Ankakhala pambali akucheza mpaka pepala litayera. Masiku amenewo ndi amene anali okoma kuposa onse a m'banja lawo, ndipo sanachuluke.

M'nyumbamo maso onse anali pa mimba ya bambo. Mwana wawo akaimba foni, funso loyamba linali lakuti, "Ababa adya?" Palibe amene anafunsapo za mutu umene unkawawawa mayiwo masana, kapena chizungulire chimene ankachinamizira kuwerama pa makina. Iwo eni ankaperekeza amuna awo kuchipatala ulendo uliwonse, n'kukhala pa benchi moyang'anizana ndi chipinda choyezera kuthamanga kwa magazi, koma sanalowemo ndi kamodzi komwe. Masana ena, ali pakati posoka diresi, anagwetsa mutu pa makina. Mwini sitolo ankayesa akuwodzera. Pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Anati mtsempha wa m'mutu unaphulika.

A Tiyenitiyeni uthengawo unawapeza atagwada pa tayala. Anadzuka, napukuta m'manja, nafunsa wobweretsa uthengayo kuti, "Mukuti ndani?" Anafunsa kawiri, poti m'maganizo mwawo munali mutakhazikika kalekale kuti woyamba kupita adzakhala iwo.

Pa maliro anthu anabwera ambiri, ndi zakudya zambiri. Aneba ankawabweretsera mbale zodzaza nyemba, kabichi ndi nyama yamafuta. "Idyani, bambo, mulimbe." Iwo ankathokoza, n'kuika pambali. Panalibe amene ankadziwa chimene munthuyu amadya, ndipo iwo eni, atafunsidwa ndi mwana wawo, anapeza kuti akudziwa maina okha a zakudyazo, osati kaphikidwe kake.

Anthu atabalalika, mwanayo anawapempha kuti akakhale naye. Anakana. Anati ntchito ikadalipo, ndipo nyumba ya amake singatsekedwe ngati sitolo. Anayamba kudziphikira. Mpunga unkatuluka wolimba pakati kapena phala lenileni. Dzungu linali ndi ulusi umene sanauonepo m'mbale ya akazi awo. Nsomba inkanunkha madzi. Anaimbira mwana wawo kumufunsa chimene amake ankathira, mwanayo nati, "Ababa, inetu ndinachoka musanayambe kudwala. Ndimayesa inu mukudziwa." M'kabati anapezamo kasefa kakang'ono kotha mawaya pakati, ndipo anakatembenuza m'manja nthawi yaitali, osadziwa kuti kankasefa chiyani. Mapiritsi okha sanaphonye. Ankawameza ataimirira, kukhitchini kuli zii.

Tsiku la jakisoni litakwana, anapita okha kuchipatala. Namwino anawakweza pa sikelo, nagwedeza mutu.

"Mwatsikatu, bambo. Nanga amayi ali kuti lero? Ndiwafunse bwino zimene akukupatsani."

"Anatisiya," anatero a Tiyenitiyeni.

Namwinoyo anagwira pakamwa. Anawabaya jakisoniyo, nawauza kuti adikire panja, akawaitanire mayi wa za kadyedwe kuti ayambirenso nawo kuyambira pachiyambi.

Pa benchi panali banja lina lachinyamata. Mwamunayo anali woonda, maso olowa, atapinda msana ndi manja ali pamimba. Mkazi wake anali atamva zokamba za namwino, ndipo anasendera pafupi mwaulemu.

"Pepani bambo, ndamva kuti matendawa mwakhala nawo nthawi yaitali. Ife atiuza lero. Amuna angawa chilichonse chikuwapweteka. Kodi inu mumadya chiyani? Ndiziwaphikira bwanji?"

A Tiyenitiyeni anayang'ana manja a mtsikanayo, atafumbata kachikwama mwamphamvu.

"Mwana wanga, amene ankadziwa zimenezo kulibe," anatero potsiriza. "Ine ndinkangodya."

Mtsikanayo anapepesa, nafuna kubwerera pamalo pake, koma iwo anamuletsa ndi dzanja.

"Khalani. Zochepa ndikuzidziwa. Mankhwala asasiye, ngakhale wina abwere ndi zotani. Chakudya chachilendo muziyesa chimodzi, n'kudikira." Anatembenukira mwamunayo. "Ndipo inu achimwene, akamaphika muzikhala nawo kukhitchini, muziona. Muziwafunsanso iwowa ngati adzuka bwino."

Mwamunayo anangogwedeza mutu, ululu utamugwira. Chitseko chinatsekuka, mayi wa za kadyedwe naitana. A Tiyenitiyeni anauza banjalo kuti lilowe limodzi nawo, poti zokamvazo zinali zomwezo, ndipo onse atatu analowa.